Marozi a kuseri kwa nyumba: momwe ntchito yayendera kuyambira Meyi

Meyi, kumapeto

Mvula yatheratu, udzu wa m'mbali mwa msewu wayamba kufiira, ndiye ndayamba kukonzanso bedi la marozi kuseri kwa nyumba kuno ku Area 49. Pali zitsamba zisanu zakale zomwe tinazipeza pogula puloti ino. Zinangotalika, masamba ali kunsonga kokha, pansi pali minga basi. Ndikufuna kuzidzutsa, ndiwonjezerepo zina zisanu ndi chimodzi. Cholinga n'choti pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, maluwa opita kwa amayi ku Mitundu adzachokere pakhomo pano.

Malo ndasankha mbali yomwe dzuwa limafika kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 2 koloko. Rozi amafuna dzuwa la maola osachepera asanu ndi limodzi, ndipo la m'mawa ndilo labwino chifukwa limaumitsa mame pamasamba msanga. Ndatalikira mtengo wa mango, mizu yake imalanda madzi. Mayi a kunyumba malo omwewa amawafunira mpiru ndi tchainizi. Akuti, "Bambo, maluwawo tidzadyera nsima?" Tagawana: iwo atenga cha kumpopi, ine cha kumpanda.

Dothi la kuno ndi katondo. M'dzinja limamata khasu, chilimwe chikafika limalimba moti popanda piki sulowa. Maenje ndakumba masentimita 60 m'lifupi, 60 kuya, ndipo dothi lapamwamba ndaika pa lokha. Ndisanakwirire ndinathira ndowa ziwiri za madzi m'dzenje lililonse kuti ndione momwe akulowera. Maenje onse anamwa madzi dzuwa lisanalowe, kupatula limodzi la pakona lomwe m'mawa mwake linali lidakali ndi chithaphwi. Nditakumba mopitirira ndinapeza simenti youma ndi zidutswa za njerwa zomwe amisiri anakwirira pomanga mpanda. Ndachotsa mawilibala awiri. Simenti ili ndi laimu, ndipo rozi safuna dothi la laimu wambiri, amakonda lowawasa pang'ono, muyezo wa kuwawasa kwa dothi (pH) wa pakati pa 6 ndi 6.5. Akakhala pa simenti masamba anthete amachita chikasu, mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira.

Ndowe zachokera m'khola la amalume, zija zagonera chaka, zakuda, zosanunkha, zofumbutuka m'manja. Magawo awiri dothi lapamwamba, gawo limodzi ndowe. Zitosi za nkhuku zomwe aneba anandipatsa ndaziunjika pambali kaye kuti ziwolerane. Zaziwisi zimawotcha mizu.

Juni

Ndayenda kwa ogulitsa maluwa m'mbali mwa misewu ya m'tauni, aja amandandalika machubu pansi pa mitengo. Marozi alipo, koma mayina ndiwo palibe. Ukafunsa amati, "Awa ndi ofiira, bwana, awa ndi oyera, awa apinki." Sindikuwanena. Wogula wa tsiku ndi tsiku amafunanso mtundu wa duwa, dzina alibe nalo ntchito. Koma kwa wodzala, dzina limakuuza kuti chitsambacho chidzakula motani komanso chimagwidwa msanga ndi matenda ati.

Bambo wina wachikulire, yemwe akuti anagwirapo ntchito ya m'munda wa maluwa kumayadi zaka zambiri, ndiye anandithandiza. Anandionetsa patsinde pomwe pali chotupa. "Achimwene, muziyang'ana apa. Pakakhala bondo chonchi ndiye kuti ndi womezanitsa. Pakakhala posalala, ameneyo anangodula nthambi n'kuzika." Womezanitsa ndi uja atenga diso la rozi wokongola n'kuliika pansi pa khungwa la rozi wina wolimba mizu. Amakula mwamphamvu, koma ndi wodula, ndipo tsinde lapansilo nthawi zina limatulutsa mphukira zake zomwe zimafuna kulanda chitsamba chonse.

Ndatenga oyera atatu, omwe bamboyo akuti ndi Iceberg, ndipo maonekedwe akuvomereza: maluwa amabwera m'magulu, minga yochepa, masamba obiriwira mowala. Iceberg anatulutsidwa ndi a Kordes ku Germany mu 1958, ndipo kum'mwera kwa Africa kuno wafala kwambiri chifukwa savuta. Ndatenganso ofiira awiri omezanitsa, onunkhira kwambiri, ndi mmodzi wachikasu wa m'mphepete mwapinki yemwe akufanana ndi Peace, uja wa Francis Meilland wa ku France amene anapatsidwa dzinalo mu 1945, nkhondo yachiwiri ikutha. Ofiirawo ndingowatchula kuti ofiira mpaka ndidzaone duwa lawo bwinobwino.

Podzala ndinang'amba chubu m'mbali osagwedeza dothi la kumizu. Bondo lija ndalisiya lofanana ndi nthaka. Kuchoka pa chitsamba china kufika pa chinzake ndasiya pafupifupi mita. Pakali pano bedi likuoneka lopanda kanthu, koma mpata umenewu udzagwira ntchito mu Januwale, mphepo ikamadzafunika kudutsa pakati kuti masamba aziuma.

Julayi

Kukuzizira. Usiku wina kukumatsika kufika pansi pa madigiri 10, m'mawa madzi a mu thanki osagwirika. Zitsamba zatsopano zangokhala duu, sizikukula sizikufota. Ndikuthirira kamodzi pa sabata, m'mawa.

Mwezi uno ntchito yambiri yachitikira m'mutu, nkhani yake ya nthawi yodulira. Malangizo ambiri omwe munthu amapeza pa intaneti ndi a ku Ulaya ndi ku America, komwe amadulira cha mu Febuluwale kapena Malichi chisanu chikamatha. Kuno Febuluwale ndi pakati pa dzinja, ukadula nthawi imeneyo bala lililonse limalowa madzi ndi matenda. A ku South Africa nyengo zawo zikufanana ndi zathu, ndipo ambiri amadulira chakumapeto kwa Julayi. Koma Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 okha, wotsika kuposa Johannesburg, ndipo kuno kumafunda msanga. Kwathu rozi sagona tulo tenitweni monga amachitira kumaiko a chipale. Akasiyidwa amangophuka pang'onopang'ono chaka chonse, maluwa n'kumachepa, nthambi n'kumawonda. Kudulira ndiye kumamupumitsa mokakamiza.

Ndawerenga chobwerera m'mbuyo. Kunja kukafunda, kuchoka podula kufika pa duwa pamatenga masabata ngati asanu ndi atatu. Kuchotsa amenewo pa 15 Okutobala ndikugwera pakati pa Ogasiti. Ndiye ndidikira, ngakhale aneba a kumtunda adula kale awo.

Ogasiti, pakati

Ndadulira zitsamba zakale zisanu zija. Zatsopano sindinazikhudze, kupatula kuchotsa tinthambi touma.

Chodulira ndinachinola madzulo ake, ndipo ndikamachoka pa chitsamba china kupita pa china ndimachipukuta ndi spirit. Chobuntha chimatafuna nthambi, khungwa limang'ambika, kenako nthambiyo imayamba kuuma kuchokera pabalapo kutsika pansi. Mphwanga anabwera ndi chikwanje kuti andithandize, ndinamuthokoza n'kumupatsa wilibala yotutira zinyalala.

Ndimayamba ndi kugwada n'kuyang'ana patsinde, kumwamba ndimaonako pomaliza. Choyamba kuchoka ndi chouma chonse. Kenako nthambi zakalekale, zija khungwa lake latuwa ndi kuchita mang'a, ndimazidulira pansi penipeni ndi kasowo. Kenako zowonda kuposa pensulo, ndi zomwe zapingasana pakati n'kumakhulana. Pa chitsamba chilichonse ndasiya nthambi zitatu kapena zinayi zobiriwira, zonenepa ngati chala, ndipo ndazifupikitsa kufika cha m'bondo. Podula ndimafuna diso loyang'ana kunja kwa chitsamba, n'kudula theka la sentimita pamwamba pake mopendeketsa, kuti madzi azitsetsereka kuchoka padisopo. Mphukira imapita komwe diso layang'ana. Likayang'ana m'kati, pakatha miyezi iwiri pakati ponse padzakhala pothithikana.

Mtima wa nthambi umanena zambiri. Ukadula n'kupeza m'kati moyera ngati mwa chinangwa chabwino, nthambiyo ili moyo. Ukapeza mwa bulauni, tsika nayo mpaka upeze poyera. Pa chitsamba cha pafupi ndi bafa ndinatsika mpaka ndinatsala ndi nthambi imodzi yokha. Chimenecho ndachiika m'gulu la zokayikitsa.

Masamba onse otsala ndinawapulula ndi manja, ndipo akugwa pansi ndinasesa n'kutentha, chifukwa ndi momwe matenda a chaka chatha amabisala. Nditamaliza, mayi a kunyumba anatuluka, anaima pakhonde, anangoti, "Mwapha." Kunena zoona bedi limaoneka ngati ndapha.

Tsiku lomwelo ndinatipula pang'ono mozungulira, ndinathira ndowe zowola zodzaza fosholo ziwiri pa chitsamba, kenako madzi ambiri. Za feteleza ndinene pano. Wa chimanga wokulitsa uja wa 23:21:0+4S, ziro ameneyo akutanthauza kuti mulibe potaziyamu, chonsecho potaziyamu ndi amene amalimbitsa nthambi ndi kuthandiza maluwa. Ndagwiritsa ntchito D Compound wa alimi a fodya, kadzanja kamodzi pa chitsamba, kumwaza motalikira tsinde, dothi lili lonyowa. Yuriya ndamukana. Amabweretsa masamba ofewa ambirimbiri, ndipo nsabwe zimakondwera nawo.

Sepitembala

Maso aphukira. Mphukira za rozi zimatuluka zofiirira, zimadzabiriwira pambuyo. Ngakhale chokayikitsa chija chatulutsa ziwiri kuchokera pansi penipeni, zonenepa bwino.

Tsopano nkhani ndi madzi. Mvula ya ku Lilongwe, mamilimita 800 kapena 900 pa chaka, pafupifupi yonse imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo, ndiye nthawi yomwe rozi akukula kwambiri ndi yomwe kumwamba kulibe kanthu. Madzi a m'mipopi ndi a ndalama, komanso miyezi ino sabwera tsiku lililonse. Ndakonza chonchi: chitsamba chilichonse ndachiumbira kabeseni ka dothi, ndipo chimalandira ndowa yathunthu ya malita 20 kawiri pa sabata, patsinde, osanyowetsa masamba. Kuwaza pang'ono tsiku lililonse n'kutaya madzi. Kumanyowetsa pamwamba pokha, mizu imakwera kutsata chinyezicho, dzuwa la masana n'kuipsereza. Madzi otsukuluzira zovala komaliza ndi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba timasunga m'diramu. A sopo wambiri waufa ayi, mchere wake umaunjikana m'dothi.

Kuphimbira nthaka kuti isunge chinyezi kwandivutitsa mutu kuposa china chilichonse. Popanda kuphimbira, beseni limauma tsiku lomwelo. Ukaphimbira ndi mapesi, ndiye waitana chiswe. Mzere wa kumpanda ndinayesa mapesi odulidwa, ndipo sabata isanathe pansi pake panali misewu ya dothi yokhayokha, ina itayamba kukwera tsinde la Iceberg mmodzi. Ndinapalasa ndi kamtengo, chiswe chili piringupiringu m'kati. Khungwa lamoyo chinali chisanaliyambe, chimadya kachitsa kouma komwe kanatsala pa nazale. Apa ndaonapo ziwiri. Chiswe chimayamba ndi chouma, ndiye zitsa zouma zisamatsale pa chitsamba. Ndipo chophimbira chisagunde tsinde. Ndachotsa mapesi, ndaika udzu wouma wosalala ndi makoko a mtedza, ndasiya mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde. Mumpatamo ndawaza phulusa pang'ono. Pang'ono zedi, chifukwa phulusa likachuluka limachita zomwe simenti ija ikanachita.

Nsabwe zafika monga mwa nthawi yake, zobiriwira, zaunjikana kunsonga za mphukira ndi pa timaluwa tosamasula. Nyerere zikukwera ndi kutsika, zimatsata timadzi totsekemera tomwe nsabwezo zimatulutsa, ndipo zimaziteteza. Zochepa ndikumazifinya ndi zala m'mawa ndisanapite kuntchito. Pomwe zachuluka ndapopera madzi a masamba a nimu osinja, oviika usiku wonse, ndi kasopo pang'ono kuti amatirire. Nimuyo anabwera naye mnzanga wochokera ku Salima, komwe mitengoyi ili mbwee. Kupopera ndi madzulo, dzuwa litapepa. Tizilombo tofiira tamadontho akuda tija ndikutisiya dala, chakudya chake ndi nsabwe zomwezo.

Okutobala

Kwatentha, masana kukupitirira madigiri 30. Ndakweza madzi kufika katatu pa sabata kwa zitsamba zatsopano chifukwa mizu yake sinapite patali.

Masamba apansi a ofiira aja anayamba kutuwa, kuchita timadontho tating'onoting'ono ngati awazidwa fumbi. Nditatembenuza tsamba n'kuligwedezera pa pepala loyera, tinthu tofiirira tinayamba kuyenda. Ndi akangaude omwe aja amasautsa alimi a tomato m'chilimwe. Amakonda kotentha ndi kouma, ndipo amakhala kunsi kwa tsamba komwe mankhwala opopera pamwamba safikako. Apa lamulo losanyowetsa masamba ndaliphwanya mwadala: m'mawa kwambiri ndikumatsuka kunsi kwa masamba ndi madzi amphamvu a pa sipuleya, pofika 9 koloko amakhala auma. Nyengo ino mpweya ndi wouma, ndiye palibe choopa. Achepa, sanathe.

Maluwa: Iceberg anayamba sabata yoyamba. Zitsamba zakale zinayi zinamasula pakati pa 8 ndi 14, ndiye kuwerenga kuja kunagwira. Cha pafupi ndi bafa chinachedwa, chamasula pa 20 kutapita. Chimodzi mwa zakalezo chatidabwitsa, chatulutsa maluwa akuluakulu apinki omwe sitinawaonepo chigulireni puloti ino.

Ndinathyola m'mamawa pa 15, aja angoyamba kumasula, ndikudula pamwamba pa tsamba la timasamba tisanu, n'kuponya m'ndowa ya madzi nthawi yomweyo. Masamba apansi ndinachotsa kuti asawolere m'madzi. Pa minibasi ya ku Mitundu ndinaifungatira ndowayo pamiyendo, kondakitala akufuna ilipire mpando. Amayi analandira ndi manja awiri, ananunkhiza, kenako anafunsa ngati chitenje chili m'chikwama. Chinalimo. Maluwawo anawaika m'jagi ya pa tebulo, ndipo Lamlungu akuti anapita nawo kutchalitchi.

Dzuwa la mwezi uno silikomera ofiira akuda. Pofika masana m'mphepete mwa duwa mumapserera. Oyera ndi apinki akupirira bwino. Ndikadzawonjezera zitsamba, ofiira adzapita komwe mthunzi wa nyumba umafika msanga.

Novembala

Chizimalupsa chinagwa kumapeto kwa mwezi watha, ndipo pambuyo pake kwabwera tizilombo todya maluwa. Tina ndi takuda tamizere yachikasu, tomwe timaonekanso pa maluwa a nyemba ndi nandolo. Timeneti osatigwira ndi manja, madzi ake amatulutsa matuza pakhungu. Ndikumatigwedezera m'chitini cha madzi a sopo m'mawa tisanachangamuke.

Wachikasu uja watulutsa mphukira yaitali kuchokera pansi pa bondo, yotuwirako, masamba ang'onoang'ono osafanana ndi enawo. Ndi ya tsinde lapansi. Ndinafukula dothi mpaka pomwe yachokera n'kuithyola mokoka. Ukaidula ndi chodulira pamwamba pa nthaka imabweranso ndi anzake.

Maluwa ofota ndikumachotsa Loweruka lililonse. Akasiyidwa, chitsamba chimayamba kupanga njere n'kuleka kuphuka. Ndathiranso feteleza kachiwiri.

Disembala mpaka Januwale

Walira mvula walira matope. Ndowa zapuma, bilu ya madzi yatsika, koma matenda a madontho akuda alowa. Amayamba ndi masamba apansi: kadontho kakuda kosalongosoka m'mphepete, kenako tsamba limachita chikasu mozungulira, kenako lagwa. Ndi matenda a fangasi, ndipo njere zake zimafuna tsamba likhale lonyowa maola ngati asanu ndi awiri kuti zilowe. M'chilimwe zimenezo sizichitika. Mwezi uno, mvula ikagwa madzulo tsamba limagona lonyowa mpaka m'mawa, ndipo madontho a mvula akamenya pansi amadumphitsa njerezo kuchoka pa masamba akugwa kupita pa amoyo.

Zomwe ndikuchita: masamba onse a m'munsi, kuchoka pansi kufika kutalika kwa chikhatho ndi theka, ndachotsa ngakhale abwinobwino. Akugwa ndikutola n'kukwirira m'dzenje lakuya kutali ndi bedi, sapita ku khuti la manyowa. Mabeseni aja ndawaphwasula kuti madzi asamaime patsinde, ndipo ndatsegula kangalande kotulutsa madzi a padenga omwe amathamangira kubedi. Ndikupopera Dithane, yemwe uja wa tomato, motsata muyezo wa papaketi, nditavala magolovesi ndi chotseka pakamwa, tsiku lopanda mphepo chifukwa mpiru wa mayi uli pafupi. Mankhwalawa sachiza tsamba lomwe ladwala kale, amangotchinga lomwe lisanagwidwe, ndipo mvula yamphamvu imawatsuka. Ndiye pamafunika kubwereza pakatha sabata kapena masiku khumi, komanso kupeza m'mawa womwe kumwamba kukuoneka kuti kupirira maola angapo. Mu Januwale m'mawa wotero ndi wosowa.

Pomwe zinthu zili lero: Iceberg onse atatu ali ndi madontho koma akuphukabe, sakusamala. Wapinki wakale uja ndiye wolimba kuposa onse, masamba ake ndi okhuthala, onyezimira, madontho owerengeka. Ofiira awiri ayoyoka theka. Wachikasu ali pakatikati. Wa pafupi ndi bafa wadwala kwambiri chifukwa khoma limatchinga mphepo, ndipo mvula ikatha ndidzamusamutsa. Aneba akuti ndizule ofiirawo ndidzale ena oyera, zithe. Fungo lawo lokha likundiletsa. Ndiwapatsa dzinja lino lonse, tidzaweruza mu Epulo.

Ndayambanso nazale yanga. Kuchokera ku Iceberg ndi wapinki uja ndadula nthambi zomwe zangomaliza maluwa, zonenepa ngati pensulo, masentimita 20, kudula pansi pa diso, kusiya masamba awiri apamwamba okha. Ndazizika theka m'machubu a mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi, chilichonse ndachivindikira ndi botolo la pulasitiki lodula kunsi, ndipo zili pakhonde pomwe mvula ndi dzuwa sizifika mwachindunji. Mwa khumi ndi ziwiri, zitatu zada kuyambira pansi, ndataya. Zina zatulutsa timasamba, koma timasamba si umboni, nthambi imatha kuphukira ndi chakudya chomwe inali nacho kale mizu kulibe. Ndidikira mpaka mizu ionekere kumabowo a pansi pa chubu. Zikagwira zisanu ndi chimodzi, ziwiri ndalonjeza aneba a zitosi aja, ziwiri zipita ku Mitundu komwe zidzafunika mpanda wa mbuzi, ndipo zotsalazo mayi a kunyumba apempha kuti zikhale kumaso, pafupi ndi geti. Maenje ake ndikumba mu Meyi.